Oyilo ndi kuliza galimoto m'nyengo ya chiperoni: zolemba za ntchito ya pa Bvumbwe

19 Meyi

Magalimoto a pabanja pathu alipo atatu, ndipo onse amagona panja kuseri kwa golosale ya achemwali pa Bvumbwe. Probox imalawirira kumsika wa Limbe ndi kabichi, repu ndi tomato kunja kusanache. Sienta ndi takisi ya pamsewu wa M2, kuchoka Limbe kudutsa pa boma la Thyolo mpaka Luchenza. Hilux yakale ya dizilo ndi ya amalume, imatolera zigubu za mkaka m'midzi. Chaka ndi chaka, Juni akangolowa, atatu onsewa amayamba kunyanyala m'mawa. Sitata imakoka mwaulesi, pamwamba pa injini pamamveka phokoso, Hilux ndiye mpaka kuitana anyamata a pamsika kuti adzakankhe. Ulendo uno banja landisiyira ntchito yofufuza chimene chimavuta chisanu chisanafike pachimake, ndipo ndizilemba pano mmene zikuyendera.

Ndayamba ndi kufunsa oyilo amene ali mu injini iliyonse. Probox ndi Sienta zili pa 20W-50. Hilux ili pa SAE 40 wa m'diramu, uja wogula mopima m'mabotolo. Anasankha ndi amalume, ndipo chifukwa chawo ndi chomwe mungamve pagalaja iliyonse kuyambira kuno mpaka ku Muloza: kwathu n'kotentha, injini zathu n'zotopa, zimafuna oyilo wolemera, wopepuka ndi wa kumaiko ogwa chipale. Sindilimbana nawo pakamwa. Mwayi wake Probox ndi Sienta zili ndi injini yofanana, 1NZ-FE ya malita 1.5, ndiye titha kusintha imodzi n'kusiya inayo, chisanu chomwecho chiweruze. Tagwirizana kuti tizisintha chinthu chimodzi pa nthawi, kuti tikaona kusintha tidziwe kuti chachiza ndi chiti.

23 Meyi

Lero sitinagwire sipanala. Ndinakhala pansi ndi mnyamata amene akuphunzira umakaniko kwa ife, tikuwerenga manambala a pachigubu, chifukwa ngakhale madalaivala a zaka zambiri pamsewu amawamva molakwika.

Manambalawa amachokera ku muyezo wa J300 wa bungwe la SAE la ku America. Nambala yoyamba, yotsatana ndi W, imanena mmene oyilo amakhalira kukazizira. Yachiwiri imanena kukhuthala kwake pa madigiri 100, injini itatentha. Ndi mayeso awiri osiyana. Oyilo wa 5W-30 sayamba wopyapyala m'mawa kenako n'kumakhuthala masana, ayi. Oyilo aliyense amakhuthala akazizira ndipo amapyapyala akatentha. Amangosiyana kukula kwa kusinthako. Wa manambala awiri amapangidwa kuchokera ku oyilo wopepuka, n'kuthiramo mankhwala omuletsa kupyapyala mopitirira akatentha. SAE 40 wa nambala imodzi uja anayesedwa pa kutentha pokha, za m'mawa palibe chimene amalonjeza.

Mayeso a W amachitikira pozizira koopsa. Wa 20W amayesedwa ngati sitata ingazungulitse injini pa madigiri 15 pansi pa ziro, wa 15W pa 20, wa 10W pa 25, wa 5W pa 30, wa 0W pa 35. Palinso mayeso ena oona ngati pampu ingathe kumukoka, ochitikira madigiri 5 kutsikirapo. Chisanu chotere kuno kulibe. Pamwamba pa phiri la Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, mame amatha kuundana usiku wa Julayi, koma palibe galimoto yogona kumeneko. Pa Bvumbwe m'mawa wa Juni kumazizira cha m'madigiri 10, mwina kuposerapo pang'ono. Ndiye papepala, 20W-50 sangaletse galimoto kulira kwathu kuno. Pamenepa amalume ali ndi mfundo.

Mbali inayo ndi iyi. Pa madigiri 100, giredi ya 30 imakhala pakati pa 9.3 ndi 12.5 pa cSt, muyezo wa kukhuthala kwa oyilo, giredi ya 50 pakati pa 16.3 ndi 21.9. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito ndi oyilo wopyapyala chomwecho. Koma pa madigiri 40 pokha, mapepala a opanga oyilo amaonetsa 5W-30 ali cha m'ma 60, pamene 20W-50 ali cha pa 150 kapena kupitirira. Kukamazizirabe mpata umenewu umakula. Tanthauzo lake n'lakuti mbandakucha palibe oyilo amene ali wopepuka mopitirira. Ngakhale uja amamunyoza kuti ndi madzi amakhala atakhuthala kangapo kuposa mmene injini imafunira.

Mnyamata anafunsa za dzuwa la Okutobala. Limawonjezera ndithu, koma kutentha kwa injini kumalamulidwa ndi themositati ndi rediyeta, ndipo oyilo amagwira ntchito pafupi ndi madigiri 90 mpaka 100, kaya muli ku Nsanje kaya muli pa Bvumbwe.

27 Meyi

Tisanakhudze oyilo, mabatire. Batire lodzaza, galimoto itagona usiku wonse, limawerenga mavoti 12.6 pamita, ndipo poliza lisatsike pansi pa 9.6. La Sienta lili bwino. La Hilux n'lokalamba koma likukwanitsa. La Probox linali cha pa 12.2, mateminolo atamera ufa woyera, waya wa ethi ukugwedera pathupi la galimoto. Tinatsuka ndi madzi otentha a soda, kupala ndi sandipepa, kumanga bwinobwino, batire n'kulisiya pa tchaja usiku.

M'mawa mwake sitata ya Probox inakoka mwamphamvu, oyilo ali yemwe uja. Chisanu chimaluma mbali ziwiri: mphamvu ya batire imatsika pamene injini yalimba kuzungulira. Batire likakhala lathanzi, kulimbako simukumva. Likafooka, oyilo wolemera ndiye amaliyalutsa, ndipo mwini galimoto amakagula batire latsopano osadziwa kuti vuto linali teminolo yakuda.

1 Juni

Tinachita kayeso koti amalume aone ndi maso. Timabotolo tinayi: SAE 40, 20W-50, 15W-40 ndi 5W-30 wopempha kwa mnzanga wa ku Limbe. Tinatiika mu firiji yaikulu ya m'golosale, yomwe imazizira cha pa madigiri 18 pansi pa ziro. Achemwali sanasangalale kuona oyilo pambali pa nkhuku ndi mafirizesi, ndipo anatiuza kuti kakatayika kadontho tigula katundu yense. Magetsi anatikomera mtima, sanazime usiku umenewo.

Potembenuza, SAE 40 anangoti gwa ngati phala lagona mumphika. 20W-50 anayamba kukwawa titadikira. 15W-40 anatsika pang'onopang'ono, 5W-30 anathika ndithu. Timabotolo tina tinagoneka panja, m'mawa n'kuthira pa lata lopendekeka. Ndondomeko inali yomweyo, kungoti mpata unachepa kwambiri.

Amalume anayang'ana, n'kunena kuti, "Mphwanga, galimoto yanga sigona mu firiji." Sananame.

6 Juni

Sienta yalowa pa 5W-30. Probox yatsala pa 20W-50.

Kumupeza kunali kovuta. M'mashopu a pafupi mwadzaza 20W-50, 15W-40 ndi SAE 40, ndiye tinakagula ku Limbe, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Ndinaonetsetsa kuti chigubu n'chomata bwino komanso chili ndi chizindikiro cha API, bungwe la ku America loika miyezo ya ubwino wa oyilo. Mwa miyezo yake, SN inatuluka mu 2010, SP mu 2020, zonse zimakwanira injini imeneyi. Wopima m'mabotolo ndinamukana, chifukwa mulibe njira yodziwira chimene chili m'katimo, ndipo kayeso kathu kangakhale kopanda mutu.

M'galimotomo munali buku lake la Chijapani limene linabwera nayo. Zilembo sitiwerenga koma manambala ndi omwewa: 0W-20, 5W-30, 10W-30. Kuti ndisawalakwire amalume, ndinene kuti mabuku ena a Toyota a misika ya kunja kwa Japan amaonetsanso 15W-40 ndi 20W-50 pa tchati, malinga ndi nyengo. 20W-50 si chiphe. Funso ndi lakuti akukupatsani chiyani chimene wopepuka sakupatsani, ndipo akukulandani chiyani m'mawa.

Tinakhetsa injini ili yotentha, kusintha fyuluta, kuthira malita 3.7, omwe ndi muyeso wa 1NZ-FE pamodzi ndi fyuluta.

17 Juni

Chiperoni chafika. Mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique, yaphimba minda ya tiyi ndi nkhungu, kamvula kowaza sikakuleka. Adalaivala a Sienta akuti pa Thyolo akuyenda ndi nyale masana. Nyengo yomwe timaidikira ndi imeneyi.

Magalimoto onse awiri akulira pa kiyi woyamba. Amene amayembekezera kuti Probox ikana wakhumudwa. Liwiro la sitata likusiyana pang'ono kwambiri, moti wongodutsa sangazindikire. Kusiyana kuli pa kanthawi kotsatira injini itangolira. Sienta nyale ya oyilo ikuzima nthawi yomweyo ndipo injini ikufatsa msanga. Probox nyale ikuchedwerako, ndipo pamwamba pakumveka tcheke-tcheke kwa kanthawi kenako n'kusiya.

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndiye ndifotokoze bwino. Galimoto ikagona, oyilo amatsikira mu sampu, beseni la pansi pa injini, pazitsulo pamangotsala kautoto kochepa. Ikalira, pampu iyenera kumukoka kudzera pa sefa ya pansi, kumukankha kudutsa mu fyuluta, kulowa m'ngalande ya m'buloko, kufika ku mabeyaring'i a kirankishafuti, kenako kukwera kumutu kumene kuli makamushafuti. Mu 1NZ-FE kumtundako kulinso ena omudikira. Chokungira tcheni cha taimingi chimathandizidwa ndi mphamvu ya oyilo, ndipo VVT-i, yomwe imasintha nthawi yotsegukira mavalavu, imayendera oyilo yemweyo kudzera m'timabowo ting'onoting'ono. Oyilo wokhuthala amachedwa panjira yonseyi, ndipo nthawi imene akuchedwayo zitsulo zikuzungulira pa kautoto katsala kaja. Kutha kwa injini kumachuluka pa nthawi imeneyi, isanatenthe, ndipo ife timailiza m'mawa uliwonse.

Pali zinanso ziwiri zimene ambiri saziganizira. Makaniko akaika geji n'kuona presha yakwera, amati oyilo wolemera ndi wabwino. Koma presha ikakwera kwambiri, valavu ya pa pampu imatseguka n'kubweza oyilo wina mu sampu, ndiye geji ikusangalala pamene wofika kumutu ndi wochepa. Mu fyuluta namonso muli kavalavu kotseguka oyilo akakanika kudutsa papepala, ndipo kakatseguka oyilo amalambalala osasefedwa. Nyale ya padashibodi nayo si mboni ya zonse. Imangonena kuti pamene pali switchi yake pafika presha pang'ono, za kumutu siinena kanthu.

21 Juni

Sienta ili ndi kaphokoso kake, krrr kamodzi pongoliza, kamene oyilo watsopano sanachotse. Tinatulutsa kasefa kakang'ono ka valavu ya VVT-i pamutu wa injini, n'kupeza katamatirira matope akuda a oyilo wokhalitsa. Tinakatsuka ndi petulo n'kubwezera. Phokoso lachepa koma silinatheretu. Ndikukayikira giya ya VVT-i yeniyeniyo, kapini kake kotsekera kakhala katadyeka. Sizoletsa kugwira ntchito, tazisiya kaye.

29 Juni

Adalaivala a Probox anadandaula kuti hita ikutulutsa mphepo yozizira mpaka kukafika ku Limbe. Nditatsegula chivindikiro cha oyilo ndinapeza kansi kwake kuli zoyera zonanda. Iwo anachita mantha kuti gasiketi yapsa, koma madzi mu rediyeta sakutsika ndipo oyilo wa pa dipisitiki ndi woyera bwino. Titamasula paipi ya madzi tinapeza themositati mulibe. Wina anaichotsa galimoto isanafike m'manja mwathu, potsata chikhulupiriro chija chakuti kuno n'kotentha.

Themositati ya injini imeneyi imatseguka cha pa madigiri 82. Ikachotsedwa, madzi amazungulira mu rediyeta kuyambira pa kiyi, ndipo ulendo wa mbandakucha wa Bvumbwe mpaka Limbe ndi waufupi moti injini siifika potentha. Nthunzi ya m'kati siituluka, imasakanikirana ndi oyilo, n'kupanga zoyera zija. Kompyuta nayo imaona injini yozizira n'kumathira petulo wambiri. Ndiye Probox yakhala ikuyenda ndi oyilo wolemera amene sapeza mpata wopyapyala. Taika themositati yatsopano, oyilo sitinamukhudze.

8 Julayi

Hita ikutentha, zoyera zatha, adalaivala akuti petulo akukhalitsako. Tcheke-tcheke wa m'mawa akadalipo. Lero Probox nayo yalowa pa 5W-30.

12 Julayi

Hilux. Imeneyi ndi nkhani ina, chifukwa dizilo alibe pulagi ya moto. Amayaka ndi kutentha kwa mpweya wofinyidwa. Injini ya Hilux, ya mtundu wotchedwa 3L, imafinya mpweya ka 22.2, pamene 1NZ-FE imafinya ka 10.5. Kuti mpweya utenthe mokwanira, pisitoni iyenera kukwera mwachangu. Ikakwera mozengereza, kutenthako kumathawira m'makoma ozizira a silinda, dizilo amalowa osayaka, n'kutuluka ngati utsi woyera wonunkha dizilo wamuwisi. Ndi chimene Hilux imachita m'mawa uliwonse: kukoka, kukhosomola, utsi woyera pabwalo lonse.

Tinayamba ndi mahita, timapulagi totenthetsa m'kati mwa injini ya dizilo isanalire. Tinamasula kachitsulo kowalumikiza n'kuyesa imodziimodzi ndi mita. Yamoyo imawerenga pafupi ndi omu (ohm) imodzi kapena kutsikirapo, yakufa siwerenga kanthu. Awiri mwa anayi anali akufa. Tinasintha onse, chifukwa otsalawo ndi a msinkhu umodzi. M'mawa wotsatira inalira yokha popanda okankha, koma sitata imamvekabe kuti ikusenza katundu.

Apa ndinawapempha amalume kuti tichotse SAE 40 tiike 15W-40 wa dizilo, wa API CI-4. Anakana poyamba, akuti injini yatopa, oyilo wopepuka adutsa m'maring'i. Ndinawaonetsa kuti nambala yachiwiri ndi 40 yemweyo, kutanthauza kuti injini ikatentha onse awiri ali mu giredi imodzi, kusiyana kuli m'mawa basi. Ndinawakumbutsanso za mbaula. Iwo eni, chisanu chikavuta, amaika mbaula ya makala pansi pa sampu, ndipo galimoto imaliradi. Nanga mbaulayo imatenthetsa chiyani, si oyilo? "Amalume, inu mwakhala mukupepukitsa oyilo ndi moto zaka zonsezi, ine ndikungofuna tigule wopepuka kale." Anaseka, n'kuvomera kuti tiyese sevisi imodzi.

Mbaula ndailetsa. Pansi pa Hilux yakale pamadontha dizilo ndi oyilo, ndipo kuseri kwake kuli golosale. Ndaletsanso kasanza konyowetsa petulo kamene anyamata amaika pakamwa pa paipi ya mpweya. Mahita akakhala amoyo, petuloyo amatha kuphulika nthawi yake isanakwane n'kuwononga mapisitoni.

16 Julayi

Mwa magalimoto atatu onse, apa ndipo giredi ya oyilo yamveka ndi khutu. Sitata ya Hilux ikuzungulira mopepuka, injini ikugwira nyale ya mahita itangozima, utsi woyera ndi wa kanthawi kochepa. M'mawa unali wa nkhungu ngati masiku onsewa. Amalume sananene kanthu, anangokweza zigubu n'kunyamuka. Anyamata a pamsika ndiwo akudandaula, ganyu yokankha yatha.

24 Julayi

Ndakambirana ndi madalaivala za chizolowezi choponda moto galimoto ikangolira, ati kuitenthetsa. Ndi nthawi yomwe oyilo asanafike kumutu, ndiye kuponda moto ndi kuthamangitsa zitsulo zouma. Kuisiya ikulilima nthawi yaitali nakonso sikuthandiza, imatentha mochedwa n'kumangotha mafuta. Tagwirizana kuti aziliza, nyale izime, adikire pang'ono pamene akupukuta magalasi, kenako anyamuke mofatsa mpaka injini itatentha. Adalaivala a Sienta ndawakumbutsa kuti yawo ndi ya otomatiki, siikankhika, ndiye batire lawo asalisewere nalo ndi wailesi podikira anthu pa siteji.

2 Ogasiti

Probox pa 5W-30 yafatsa m'mawa, tcheke-tcheke watha. Koma yabweretsa nkhani ina. Dipisitiki ikutsika mwachangu kuposa kale, ndipo ikaima nthawi yaitali pamsika ili yolira, ponyamuka ikutulutsa kautsi kabuluu. Pansi sipakudontha. Galimoto imeneyi yayenda mtunda wautali kuposa Sienta ndipo imasenza katundu wolemera tsiku lililonse, ndiye maring'i kapena masilu a mavalavu atopa. 20W-50 uja amabisa zimenezi. Sanali kuchiza, komabe kubisako kumapulumutsa ndalama ya oyilo wowonjezera, ndipo kwa munthu wa bizinesi ya kabichi ndalama imeneyo ndi yeniyeni. Amalume atamva anangoti, "Si ndinanena?" ndipo pa galimoto imeneyi ndawapatsa theka.

Sitibwerera ku 20W-50. Taika 10W-40, woti m'mawa azikwera msanga kuposa wakale uja koma akatentha akhale wokhuthalako kuposa 5W-30. Dipisitiki tikuiona pamalo amodzi athyathyathya, injini itazizira, ndipo adalaivala akulemba makilomita nthawi iliyonse akawonjezera.

Sienta sikudya oyilo olo pang'ono. Ikhala pa 5W-30.

15 Ogasiti

Chisanu chayamba kutha, mphepo ya fumbi yalowa. Mmene zinthu zilili: Sienta 5W-30, Probox 10W-40, Hilux 15W-40. Kuchokera pamene tinakonza mateminolo ndi mahita, palibe galimoto yakankhidwa. Probox pa 10W-40 ikudyabe oyilo koma mochepera, m'mawa sikuchita phokoso. Kaphokoso ka Sienta kakadalipo.

Zatsala zitatu. Probox ikufunika kuyezedwa kompuresheni kuti tidziwe ngati ndi maring'i kapena masilu, ndipo geji yake tibwereka ku Luchenza sabata ya mawa. Batire la Hilux silifika Juni wina, ndawauza amalume ayambe kusunga ndalama. Chachitatu ndi mlandu umene amalume sanautaye: akuti tidikire Okutobala, Sienta ikamadzakwera zitunda za Thyolo itadzaza anthu dzuwa lili pamutu, ndipo tidzaone ngati 5W-30 adzapirire. Ndagula kale geji ya presha yoti tidzamange pa malo a switchi ya oyilo, tidzayeze injini itatentha ili pa aidulo komanso itapondedwa moto.